A Cherokee sankakhala m'matenti: bodza la m'mafilimu lithere pano

Moni abale ndi alongo, mwaswera bwanji kumeneko? Lero tawoloka nyanja, tili ku America, chigawo cha North Carolina ndi South Carolina. Mitundu itatu ya eni nthaka. Musachoke, pali bodza lina limene limandiwawa kwambiri.

Woyamba, a Catawba. Ndi anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Catawba, lero ali kufupi ndi tauni ya Rock Hill. Amaumba mbiya ndi manja okha, n'kuziwotcha pamoto wa nkhuni. Nthomba ya mu 1759 inapha pafupifupi theka la mtunduwu, koma mbiya akuumbabe mpaka pano.

Wachiwiri, a Tuscarora. Mu 1711 anayamba nkhondo ndi atsamunda chifukwa cholandidwa malo ndi kugwidwa ukapolo. Linga lawo la Neoheroka litagwa mu 1713, ambiri anasamukira kumpoto, ku New York, ndipo cha m'ma 1722 analowa mumgwirizano wa mitundu ya eni nthaka ya kumeneko, wotchedwa Haudenosaunee, ngati mtundu wachisanu ndi chimodzi.

Ndathamanga eti? Ndikuthamangira apa. Koma kaye, amene simunadine subscribe dinani, ndi kabelu komwe.

Wachitatu, a Cherokee. Tsinzinani, muganize za mwini nthaka wa ku America. Mwaona chiyani? Munthu pakavalo, chisoti cha nthenga, tenti yachikopa yosongoka. Si choncho? Amenewo ndi anthu a kuzigwa za kutali kumadzulo, monga a Lakota, amene ankatsata njati. A Cherokee ayi! Anali alimi okhazikika m'midzi, m'mapiri a Appalachian. Nyumba ankazika mitengo, kuluka timitengo kapena bango, kumata dothi, denga la makungwa kapena udzu. Agogo anu ataiona akanati ndi ya kwathu konkuno. M'munda munali chimanga, nyemba ndi maungu. Ndipo chimanga chimene mwadyera nsima lerochi kwawo ndi ku America komweko.

Sindinamalize. Anali ndi mafuko 7, ndipo mwana ankatenga fuko la mayi ake. Nyumba ndi munda zinali m'manja mwa akazi, mwamuna ankakakhala kwa mkazi, malume ndiye anali ndi mawu pa ana. Achewa anzanga, chikamwini mwachimva pamenepo? Ndiuzeni m'makomenti.

Mu 1821 Mcherokee wina dzina lake Sequoyah anamaliza kupanga zilembo za chinenero chawo, lero zilipo 85, pafupifupi chilichonse choimira phatikizo. Pofika 1828 anali ndi nyuzipepala yawoyawo, Cherokee Phoenix, yosindikizidwa ku likulu lawo la nthawiyo, New Echota. Anthu oyendayenda amenewo?

N'chifukwa chake bodzali limandipweteka. Ukanena kuti munthu ndi woyendayenda, wanena kuti alibe munda woti n'kumulanda. Koma pulezidenti wa America Andrew Jackson atasaina lamulo losamutsa mitunduyi mu 1830, zimene zinalandidwa zinali minda yolimidwa ndi nyumba. Mu 1838 asilikali anawatulutsa m'makomo, ulendo wopita kudera limene lero ndi Oklahoma, ambiri wapansi, m'nyengo yozizira. Anafa anthu pafupifupi 4,000. Ulendowu amautcha Trail of Tears, kutanthauza njira ya misozi.

Ena anatsalira m'mapiri, zidzukulu zawo zili kudera lawo la Qualla Boundary, ku North Carolina, mpaka lero. Likulu la amene anasamutsidwa ndi Tahlequah, ndipo zikwangwani zam'misewu kumeneko zili ndi zilembo za Sequoyah.

Vidiyo yotsatira ndikuphunzitsani kuwerenga zilembo zingapo. Tumizirani mnzanu uja wokonda mafilimu a makauboyi, aionere yekha.