Mtengo wa malalanje wophukira m'botolo

Amayi ndi abambo, agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno, zikomo pobwera. Inu akumbuyo senderani pafupi, poti botolo lili patebuloli ndi laling'ono, ndipo zili m'katimo n'zazing'ono koposa.

Ambiri munabzalapo njere ya lalanje kapena ya ndimu lamakwinya m'chitini kuseri kwa nyumba. Kawirikawiri pamatuluka timitengo tiwiri kapena titatu pa njere imodzi. Kamodzi kokha ndiko kangakhale kochokera ku mungu. Tinato tamera kuchokera ku mnofu wa mayi wotchedwa nucellus, ndipo timafanana ndi mtengo wamayi ndendende. Koma mitundu ina ya banja la malalanje, monga pomelo, citron ndi clementine, sizitero: njere imodzi, kamtengo kamodzi. Mu 2017 akatswiri a ku China analoza jini yotchedwa CitRWP kuti ndiyo ikusiyanitsa magulu awiriwa. Ndikati majini, agogo, sindikunena aja a kwa sing'anga ayi. Ndikunena malangizo olembedwa m'selo iliyonse ya mtengo. Selo ya tsinde ili ndi malangizo onse opangira mizu, masamba ndi maluwa, kungoti ambiri ndi ogona. Ntchito ya m'labotale, imene amati tissue culture, ndiyo kuwadzutsa.

Amayamba ndi njere. Amazisenda makoko onse awiri, n'kuziviika mu Jik wosungunula, gawo limodzi la Jik pa magawo 4 a madzi, kwa mphindi 10 mpaka 15, kenako kutsukuluza katatu ndi madzi ophedwa tizilombo. Chakudya cha m'botolo ndi mchere ndi mavitamini osakanizidwa monga analembera akatswiri Murashige ndi Skoog mu 1962, kapena monga anakonzera Murashige ndi Tucker mu 1969 poganizira malalanje enieniwo. Pa lita imodzi amathiramo shuga magalamu 30 mpaka 50, ndi agar magalamu 8 woti chakudyacho chigwirane ngati phala lozizira. Muyezo wa kuwawasa kwa chakudyacho, umene amati pH, ukhale 5.7 kapena 5.8. Zonsezi amaziphika mumphika wa nthunzi pa madigiri 121 kwa mphindi 20. Njere zimamera mumdima pa madigiri 27 kwa milungu iwiri kapena itatu, tsinde n'kutalika, lotuwa ndi lofewa. Tsinde limenelo, la pakati pa njere ndi masamba oyamba, ndilo amalidula m'zidutswa za sentimita imodzi n'kuzigoneka pa chakudya chatsopano.

Apa mvetserani bwino. Chodzutsa majini choyamba ndi bala. Selo za pamene padulidwa zimayatsa jini ya WIND1, n'kuleka kukhala selo za tsinde, n'kuyamba kugawikana mpaka kupanga kachotupa koyera kotchedwa callus. Kachotupako sikanasankhe njira. Amene amakasankhira ndi mahomoni awiri, cytokinin ndi auxin, ndipo Skoog ndi Miller anaonetsa zimenezi pa fodya mu 1957: cytokinin akachuluka pamatuluka mphukira, auxin akachuluka pamatuluka mizu. Lero tikudziwa chomwe chimachitika m'kati. Cytokinin amadzutsa mapuloteni a ARR, amene amakayatsa jini ya WUSCHEL, ndipo pomwe WUSCHEL yayaka pamabadwa nsonga ya mphukira. Auxin amayatsa gulu lina, monga WOX11 ndi LBD16, ndipo njira yake imathera ku muzu. Zambiri mwa izi anaziphunzira pa kachitsamba kotchedwa Arabidopsis, koma malalanje ali ndi majini a mtundu womwewo.

Choncho amathira cytokinin wotchedwa BAP, miligalamu 1 mpaka 3 pa lita. Pakapita milungu itatu kapena inayi, timaso tobiriwira timaoneka m'mphepete modulidwamo, osati pakati pa chidutswa. Kuwala kukhale maola 16 pa tsiku. Mphukira zikatalika amazidula n'kuzisamutsira pa chakudya cha auxin, NAA kapena IBA, kuti zichite mizu.

Achimwene kumbuyoko akufunsa kuti bwanji osangowonjezera BAP kuti mphukira zichuluke. Zimachulukadi, koma zimapinimbira, masamba n'kukhala onyowa ngati galasi, ndipo mizu zimakana. Ndipo muyezo woyenera mtundu uwu suyenera mtundu uwo. Carrizo ndi Troyer, amene ndi ana a lalanje lotsekemera ndi mtengo wachibale wake wotchedwa trifoliate, amaphuka msanga ndi mphukira zambiri. Manachesi, ngati aja amene kumudzi amadziwika nawo a ku Mwanza, ndi ouma mutu. Chakudya chimodzimodzi, botolo limodzimodzi, koma majini awo sayankha mofanana. Mu 2020 akatswiri a ku California analumikiza majini awiri, GRF4 ndi GIF1, ndipo tirigu, amene amavuta kuphuka m'botolo, anayamba kuphuka bwino. Atayesa njira yomweyo pa Carrizo, mphukira zinachulukanso. Izi ndi za kafukufuku, si mbande zoti mungakazipeze ku msika wa Mbare kuno ku Harare.

Msinkhu nawo ndi nkhani. Chidutswa cha mbande chimamvera, cha mtengo wobereka chimavuta kwambiri, mwa zina chifukwa kamolekyu kotchedwa miR156 kamachepa mtengo ukamakula, selo n'kuleka kumva cytokinin bwinobwino. Koma mtengo wochokera ku mbande umatuluka uli mwana: minga mbwee, kukula kolunjika kumwamba, zipatso mwina pakatha zaka 6 kapena kuposa. Mlimi sangadikire zimenezo. N'chifukwa chake njira ya zidutswayi, kuweruza kwanga, ndi yothandiza pa mitengo yapansi yomezanitsirapo ndi pa kafukufuku, osati pochulukitsa malalanje anu a Valencia.

Zolakwika zina n'zodziwikiratu. Chuku choyera kapena chakuda m'masiku oyamba ndiye kuti manja, mpeni kapena mpweya sizinali zoyera. Botololo litayeni, musalitsegule pafupi ndi anzake. Madzi otuwa ngati mkaka otuluka pa bala pakapita milungu ndi mabakiteriya amene anali m'kati mwa mtengo kale, Jik sanawafike. Koma choopsa ndi chomwe sichioneka msanga. Callus akasungidwa miyezi yambiri, selo zina zimalakwitsa pogawikana. Selo ya lalanje ili ndi makromozomu 18, timitolo tosunga majini. Selo zikalakwitsa pamatuluka mitengo ya makromozomu 36, ya masamba okhuthala ndi otambalala, yokula pang'onopang'ono, ya zipatso za khungu lochindikala. Ndiye amasamutsira zomerazo pa chakudya chatsopano milungu inayi iliyonse, ndipo amakonda mphukira zotuluka pa bala penipeni kusiyana ndi zodzera mu callus wambiri.

Tsono chomwe chikukhudza minda yathu. Kuno ku Harare ndi ku Mazowe ndi kumtunda kozizira, kumene kachirombo ka Trioza erytreae kamakonda. Mukaona masamba a ndimu ali ndi timatuza, ndi komweko. Kamafalitsa matenda a greening: masamba achikasu mwamawangamawanga, zipatso zopendekera, zowawa, zokana kupsa. Ku Beitbridge kutentha kumakachepetsa. Palinso matenda a tristeza ofalitsidwa ndi nsabwe zakuda za m'masamba. Mukatenga diso pa mtengo wodwala n'kumezanitsa, matenda mwatenga nawo.

Njira yopezera maso opanda matenda anaikonza akatswiri Navarro, Roistacher ndi Murashige mu 1975. Matendawa amayenda m'misempha yonyamula chakudya, ndipo misemphayo sifika kunsonga kwenikweni kwa mphukira. Pansi pa maikulosikopu amadula kansonga ka mamilimita 0.1 mpaka 0.2, ka timasamba tiwiri kapena titatu tosaoneka ndi maso. Mbande ya Troyer ya milungu iwiri, yomera mumdima, amaidula mutu kusiya tsinde la sentimita 1.5, amacheka khungwa ngati chilembo T chozondoka, n'kukhazika kansongako pamenepo. Chakudya chake ndi chamadzi, shuga magalamu 75 pa lita. Kansonga kakakula, kugwira kumaphweka koma matenda amatsalira, kakachepa, kamauma. Mwa timansonga 10, timene timagwira ndi 3 mpaka 5. Ubwino wake ndi wakuti kansongako kanachokera ku mtengo wamkulu, ndiye sikabwerera ku ubwana, minga palibe. Komabe kamayenera kuyezedwa matenda kasanakhale mtengo wotengapo maso, ndipo mtengowo umasungidwa m'nyumba ya neti yosalowa tizirombo.

Kamene kali m'botoloka n'kotero. Liyendetseni, koma musatsegule chivindikiro. Yang'anani m'munsi pang'ono mwa pomwe padulidwa, muona katsamba kobiriwira kochepa ngati njere ya mawere.