Pepala la m'kati mwa mbiya

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Yeremiya 32:14, pomwe Yehova akulamula kuti makalata ogulira munda aikidwe m'mbiya yadothi kuti akhale masiku ambiri. Tifikako. Ndiloleni ndiyambe ndi mayi wina woumba mbiya, amene nkhani yawo yakhala ikundibwerera m'mutu sabata yonse ino.

Dzina lawo ndi Toshiko Takaezu. Anabadwa pa 17 Juni 1922 ku Pepeekeo, pachilumba cha Hawaii, ndipo makolo awo anachokera ku Okinawa, chilumba cha ku Japan. M'banjamo munali ana 11, iwo anali achisanu ndi chimodzi. Mu 1940 anapita ku Honolulu n'kukayamba ntchito ku Hawaiian Potter's Guild, kumene dongo ankalikanikiza m'zikombole, ziwiya n'kumatuluka zofanana ngati njerwa. Mtima wawo sunakhazikike pamenepo. Mu 1951 anawoloka nyanja kupita ku Cranbrook Academy of Art, sukulu ya zaluso ya ku Michigan m'dziko la America, kukaphunzira kwa Maija Grotell, mmisiri wochokera ku Finland. Mu 1955 anakakhala miyezi 8 ku Japan akuona momwe amisiri akumeneko amaumbira, akuphunziranso za chipembedzo cha Zen. Atabwerako anaphunzitsa ku Cleveland, kenako ku yunivesite ya Princeton kwa zaka 25, kuyambira 1967 mpaka 1992. Anamwalira ku Honolulu pa 9 Marichi 2011 ali ndi zaka 88.

Sindikuwabweretsa pano ngati mlaliki ayi. Ndikuwabweretsa ngati mmene Yehova anatumira Yeremiya kunyumba ya woumba mbiya pa chaputala 18, kuti akangoima n'kumayang'ana manja a munthu akugwira ntchito, mawu adzabwera pambuyo.

Ife mbiya timaidziwira kukamwa. Mtsuko uli ndi kukamwa kwake kothira madzi, mphika wa ndiwo uli ndi kwake, nkhali ili ndi kwake kotambalala kuti mthiko uyende bwino. Agogo anga akamaliza kuumba ankanyowetsa kansanza n'kuzungulira nako mlomo wa mbiya mosamala kwambiri, chifukwa wogula amayamba kuyang'ana pamenepo. Koma mayi Takaezu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anayamba kuchepetsa kukamwa kwa mbiya zawo. Ankakuchepetsa pang'onopang'ono, dongo likuzungulira pagudumu loumbira, zala zikulisonkhanitsira pakati, mpaka mbiya yonse yatsekeka. Pamwamba ankangosiya kabowo kakang'ono zedi kotulukira mpweya, poti mbiya yotsekeratu imaphulika ikalowa m'ng'anjo. Zina zinali zokwana m'chikhatho, zina zobulungira ngati mwezi wathunthu, ndipo atakalamba anaumba zina zotalika ngati munthu wamkulu. Simungasungiremo madzi kapena ufa. M'kati muli mdima wokhawokha, ndipo iwo ankaona kuti mdima wa m'katiwo ndiwo mtima wa mbiyayo.

Tsono tamverani chimene ankachita asanatseke. Ankatenga kadongo kakang'ono, n'kukakulunga m'pepala, n'kukagwetsera m'kati. Akatero amatseka. Pepalalo linali ndi ntchito imodzi yokha. Dongo laliwisi likakhudzana ndi dongo laliwisi limamatirira, ndiye kadongo kaja kakanagwera opanda chokutira, kakanakakamira pansi pa mbiya n'kukhala chete mpaka kalekale. Pepala limakatchinjiriza pa nthawi imene mbiya idakali yofewa. Mbiya ikauma n'kulowa m'ng'anjo, moto umanyeketsa pepala lija, limasanduka phulusa, kadongo kaja kamauma gwa, n'kutsala komasuka. Munthu akainyamula mbiyayo n'kuigwedeza pang'ono, amamva kaphokoso kofatsa m'kati, ngati kanjere m'chisekese. M'mbiya zina ankalembanso mawu pakhoma la m'kati dongo lisanaume, mawu oti munthu sangawawerenge pokhapokha mbiya itasweka.

Pali mapepala ena a mayi yemweyu amene sanapse. Ali ku Washington, ku Archives of American Art, nthambi ya Smithsonian Institution yosunga zolemba za amisiri a zaluso. Kumeneko kuli makalata amene ankalemberana ndi anzawo, zolemba zawo, mapepala a zionetsero za ntchito yawo ndi zithunzi, zonse zili m'mabokosi, zosanjidwa bwino kuti wofufuza akazipeze. Mu 2003 a bungwe lomwelo anakakhala nawo pansi n'kujambula mawu awo akufotokoza za moyo wawo. Ine ntchito yotereyi ndimailemekeza kwambiri. Ndi angati mwa ife amene tili ndi kalata ngakhale imodzi yolembedwa ndi dzanja la agogo athu? Ambiri tinataya, chiswe chinadya, denga linadontha. Wosunga makalata a munthu amachita chifundo kwa ana amene sanabadwe.

Ndiye onani, munthu mmodzi, mapepala a mitundu iwiri. Ena anayenera kusungidwa kuti asaonongeke. Ena anayenera kupsa, ndipo akanapanda kupsa, mbiya sikanalira.

Tibwerere kwa Yeremiya. Chinali chaka chakhumi cha ufumu wa Zedekiya, asilikali a ku Babulo atazinga Yerusalemu, mneneri ali wotsekeredwa m'bwalo la alonda. Pa nthawi ngati imeneyo palibe munthu wanzeru amene angagule munda. Koma kunabwera Hanameli, mwana wa Salumu m'bale wa bambo ake a Yeremiya, n'kunena kuti gula munda wanga wa ku Anatoti. Yeremiya anadziwa kuti ndi mawu a Yehova. Anayeza masekeli 17 a siliva, analemba kalata, anaitana mboni, n'kupereka makalata awiri kwa Baruki mwana wa Neriya, ina yomata, ina yosamata. Pamenepo ndi pomwe pakubwera ndime yathu: aike makalatawo m'mbiya yadothi kuti akhale masiku ambiri. Chifukwa chake chili pa ndime 15, kuti nyumba ndi minda ndi minda yamphesa zidzagulidwanso m'dziko lomwelo. Mzinda unali pafupi kutenthedwa, kachisi yemwe anali pafupi kugwa, koma pepala limodzi ili Mulungu anati lisapse. Ndipo mbiya imasungadi. Mipukutu ya Malemba imene inayamba kupezeka mu 1947 m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ina mwa iyo inali m'mitsuko yadothi, itakhala zaka pafupifupi 2,000.

Vuto lathu abale, kapena ndinene vuto langa, ndi kusokoneza mapepala awiriwa. Lija loyenera kupsa timaligwira ndi manja awiri, lija loyenera kusungidwa timaliiwala pawindo mvula n'kulinyowetsa.

Chaka china ntchito inandithera. Kalata yake ndinailandira Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa ndinadzukabe nthawi yomwe ija, n'kusita malaya, kenako n'kukhala pamphepete pa bedi osadziwa kolowera. Kachiphaso kanga ka kuntchito, kokhala ndi chithunzi changa ndi dzina la udindo, ndinakaika m'Baibulo, pakati pa Masalimo, ndipo kwa miyezi yambiri ndikatsegula kuti ndiwerenge, maso amayamba agwera pa iko. Pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye ndibwezereni. Ntchito ija inali yabwino, inandilera, inaphunzitsa azing'ono anga, inanditchinjiriza pa zaka zimene ndinali wofewa, woti chilichonse chikanandimata. Sindingainyoze. Koma m'miyezi yopanda ntchito imeneyo ndi momwe ndinayamba kupita kukakhala ndi odwala a mu mpingo mwathu masana, poti nthawi ndinali nayo. Ndinapeza kuti ndimatha kukhala chete pambali pa munthu wodwala kwa maola awiri osatopa, kumumwetsa phala, kumuwerengera Salimo, iye n'kugona tulo. Chinthu chimenechi chinali mwa ine kuyambira kale, Woumba anachiikamo ndisanadziwe, koma chinali chokulungidwa. Ndinachimva kulira pepala litapsa.

Apa ndichenjeze, chifukwa mawu ngati awa angathe kupweteka. Sindikunena kuti chilichonse chimene mwataya chinali chokutira chabe. Inu amene mwaika mwana m'manda, inu amene amuna anu kapena akazi anu anatsogola, munthu wanuyo sanali pepala, ndipo wina asakuuzeni zimenezo. Amenewo ali m'gulu la makalata a Yeremiya, osungidwa m'dzanja la Mulungu kufikira tsiku limene adzawatulutse. Ndikunena za zinthu zimene zinatifunditsa kwa kanthawi: udindo, dzina limene anthu ankatitchula nalo, nyumba ya lendi imene tinaizolowera, bwenzi limene linatiyendetsa gawo lina la ulendo kenako njira n'kusiyana. Zimenezi zikachoka timalira, ndipo kulira si tchimo. Koma tisakhale zaka tikupala phulusa kufuna kulibwezera kuti likhalenso pepala.

Paulo pa 2 Akorinto 4:7 akuti chuma ichi tili nacho m'zotengera zadothi, kuti ukulu wa mphamvu ukhale wa Mulungu, usachokere kwa ife. Pitirizani kuwerenga ndime zotsatira, mupeza kusautsidwa, kusinkhasinkha, kulondoledwa, kugwetsedwa. Ndiko kugwedezeka kwa mbiya kumeneko. Mbiya ya mayi Takaezu ikangokhala pathebulo imakhala duu, ndipo wodutsa angaganize kuti mulibe kanthu. Imamveka ikanyamulidwa. Alipo anthu mu mpingo mwanu amene mumawaona ngati opanda mphatso, sayimba kwaya, salalikira, amakhala kumbuyo. Dikirani maliro agwe pamudzi usiku wa mvula, muone amene ayambe kufika ndi nkhuni pamutu.

Chinanso chimene chimandikhudza pa mayiyu ndi kaphunzitsidwe kawo. Kunyumba kwawo ku Quakertown, m'chigawo cha New Jersey, ankakhala ndi achinyamata ophunzira ntchito, ndipo wophunzirayo sankangokhala pagudumu loumbira. Ankalima nawo dimba, kupalira, kuphika, kusesa. Mayiwo ankanena kuti saona kusiyana pakati pa kuumba mbiya, kuphika chakudya ndi kulima ndiwo zamasamba. Makalata awo mungakawawerenge ku Washington, koma chimene anagwetsera mwa ophunzira awo pa zaka zonse zija chili m'manja mwa anthuwo, chikulira kumene iwo ali. Inu aphunzitsi a Sande sukulu, inu amayi amene mukulera ana a malemu achemwali anu, inu abambo amene mukuphunzitsa mnyamata ukalipentala pansi pa mtengo wa mango, mukugwetsa kanthu m'dongo laliwisi. Lero simumva kalikonse. Mwina mwanayo akuoneka ngati sakumva n'komwe. Mbiya isanapse siilira, ndipo ng'anjo yake si inu amene mudzaisonkhezere.

Kachiphaso kaja ndinadzakachotsa m'Baibulo tsiku lina m'mawa ngati uno. Pamalo pake ndinaikapo kapepala kamene ndinalembapo Yeremiya 32:15 ndi dzanja langa, ndipo kadakalipo, kada ndi thukuta la zala.

Tiyeni tipemphere. Atate, ife ndife dongo, Inu ndinu Muumbi wathu. Tikuikiza m'manja mwanu m'bale amene walandira kalata yomuchotsa ntchito mwezi uno, mlongo amene akudikira zotsatira za kuchipatala, ndi ana athu amene ali kutali ndi kwawo, amene adzuka m'mawa uno mtima uli m'mwamba. Amene ali m'ng'anjo, musawatsekere kabowo kopumira. Amene ali ndi lonjezo lanu koma aliiwala, akumbutseni pomwe analisiya. Mutiyendetse bwino lero, potuluka ndi pobwerera. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.