Mwadina laiki, mawu n'kusinthidwa pambuyo: dzina lanu likuikira umboni chiyani?

Moni nonse, takulandirani. Lero tikukamba za kabatani kamene ambirife timakathokoza tikalakwitsa kulemba, kabatani kosinthira positi yomwe yatuluka kale. Funso lathu ndi ili: munthu akasintha mawu ake anthu atadina kale laiki ndi kushera, kodi mawu akalewo azisungidwa poti aliyense angathe kuwaona, kapena azingofufutika ngati sanalembedwepo?

[Pa sikirini: positi ya chithunzi cha mwana, anthu ambiri ashera]

Tiyambe ndi utambwali wina umene wavuta m'magulu a pa Facebook ku America ndi ku Britain. Munthu amaika chithunzi cha mwana amene akuti wasochera, kapena galu wogundidwa ndi galimoto, n'kulemba kuti chonde sherani mpaka eni ake aone. Ndani angakane? Anthu amashera mwachifundo, mazanamazana. Nthawi zambiri malo a ndemanga amakhala atatsekedwa dala, kuti wina asaulule kuti chithunzicho n'chabodza. Pakapita masiku, mwini positi uja amalowa n'kusintha zonse. Mwana uja wachoka, pabwera nyumba ya lendi yotchipa modabwitsa yofuna kuti mulipiretu, kapena linki yopempha nambala zanu za ku banki. Koma malaiki aja ali pomwepo, ndipo positiyo ikadali pa tsamba lanu, pansi pa dzina lanu. Bungwe loteteza ogula la Better Business Bureau ku America lakhala likuchenjeza anthu za mchitidwe umenewu.

Kwathu kuno sizivuta kuona mmene zingakhalire. Taganizirani positi yopempha thandizo la wodwala kapena chipepeso cha maliro, pansi pake pali nambala ya Mpamba kapena ya Airtel Money. Abusa ashera, anzanu a kuntchito ashera, azakhali anu aona kuti inunso mwashera ndipo mtima wawo wakhala pansi. Ndiye wina alande akauntiyo n'kusintha manambala awiri okha. Positi ikuoneka chimodzimodzi, koma ndalama zikulowera kwina.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akadina laiki amakhala akuvomereza mawu amene wawerenga nthawi imeneyo, osati chilichonse chimene chidzalembedwe pamalopo mawa. Zili ngati kusayina m'buku la banki m'khonde kuti mwaona mnzanu akutenga K20,000, kenako mlembi n'kuwonjezera ziro inu mutapita. Siginecha ndi yanu ndithu, koma zimene ikuikira umboni si zimene munaona.

[Pa sikirini: chizindikiro cha Twitter, kenako cha X]

N'chifukwa chake Twitter, yomwe pano ikutchedwa X, inakhala zaka 16 yopanda batani losinthira positi. Inayamba mu 2006, ndipo chaka ndi chaka anthu ankadandaula kuti ukalakwitsa chilembo chimodzi umayenera kufufuta zonse n'kuyambiranso. Mu Januwale 2020 Jack Dorsey, mmodzi wa amene anayambitsa kampaniyi, anafunsidwa za batanili ndipo anayankha kuti mwina sadzaliika n'komwe. Anafotokoza kuti Twitter inabadwa ngati uthenga wa SMS, umene ukapita wapita. Anatinso munthu akhoza kufalitsa mawu a mnzake, mwini wake n'kuwasintha, wofalitsa uja n'kupezeka akufalitsa zinthu zina zimene sanaziwerenge.

Mu Epulo 2022 Elon Musk, asanagule kampaniyo, anafunsa anthu pa Twitter pomwepo ngati akufuna batanilo. Anavota anthu oposa 4 miliyoni, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anati inde. Linabweradi chakumapeto kwa chaka chomwecho, kwa olipira okha, komanso lili ndi malire: mphindi 30 zokha, zomwe anadzaziwonjezera kufika ola limodzi mu 2023, ndiponso kusintha kosapitirira kasanu. Positi yosinthidwa imakhala ndi kachizindikiro, ukakadina umaona mawu onse akale.

Facebook inayamba kale kulola kusintha: ndemanga mu 2012, mapositi mu 2013. Nayonso imasunga mawu akale, koma mukhoza kusintha positi ngakhale yatha zaka, ndipo mbiri ya zosinthazo inabisidwa kuseri kwa timadontho titatu tija ta pakona. WhatsApp, yomwe mwini wake ndi yemweyo, kampani ya Meta, inalola kusintha uthenga mu Meyi 2023. Imakupatsani mphindi 15, n'kulemba kamawu kakang'ono koti uthengawu wasinthidwa, basi. Chimene chinalipo poyamba simuchiona. Aliyense amene ali m'gulu la WhatsApp la mpingo kapena la banja akudziwa kuti mphindi 15 n'zokwana kuti anthu khumi ayankhe kale kuti "zoona" ndi "tavomereza".

Apple inakumana ndi funso lomweli mu 2022 pa iMessage, pulogalamu yake yotumizirana mauthenga pa iPhone. Poyesa koyamba, mawu akale sankaoneka. Oimira anthu ochitidwa nkhanza anadandaula kuti munthu akhoza kukuopseza, iwe n'kuwerenga, iye n'kusintha mawuwo kukhala aulemu, umboni n'kutha. Pomwe iOS 16, pulogalamu yoyendetsa iPhone, imatuluka, wolandira uthenga anali atapatsidwa mwayi woona mawu onse akale.

Ndiye inde, kwa ine mawu akale azisungidwa, pamenepo palibe zokambirana zambiri. Koma tinene zoona: ndi angati mwa inu amene munabwererapo ku positi yomwe munashera sabata yatha kukaona ngati ikadali momwe munaisiyira? Mbiri yosungidwa imathandiza amene wakayika kale. Amene dzina lake likugwiritsidwa ntchito, iye uja anadina n'kupitirira, samva kanthu.

[Pa sikirini: tsamba la Stack Overflow, pambali pake la Mastodon]

Alipo amene anaganiza mozama kuposa apa, ndipo n'zodabwitsa kuti si makampani akuluakulu aja. Pa Stack Overflow, pomwe akatswiri opanga mapulogalamu a kompyuta amafunsana mafunso kuyambira mu 2008, mukavotera yankho voti yanu imatsekeka pakapita mphindi zochepa, simungaichotsenso. Koma yankholo likangosinthidwa, voti yanu imatsegukanso. Nzeru yake ndi yakuti inu munavomereza mawu aja, ndiye mawuwo akasintha muli ndi ufulu woganizanso. Ndipo kupatula kukonza kwa m'mphindi zoyambirira, kusintha kulikonse kumalembedwa: ndani, liti, wachotsa chiyani, wawonjezera chiyani.

Mastodon, malo ochezera pa intaneti ofanana ndi X, yomwe inalola kusintha mapositi mu 2022, inapitirira pamenepo. Mukashera positi ya munthu, iye n'kuisintha, inu mumalandira uthenga wokudziwitsani. Ndipo ngati positiyo inali ya mavoti, mwini wake akasintha mayankho osankhapo, mavoti onse amafufutika n'kuyambira pa ziro. Tayerekezani utambwali wa mwana wosochera uja pamenepo. Tsiku limene wakuba wasintha positi, anthu onse amene anashera adziwitsidwa nthawi yomweyo. Bizinesi yake yathera pompo.

Tsopano tiwamve amene sagwirizana nazo, chifukwa mfundo zawo si zachabe. Ambiri amene amasintha positi si akuba. Ndi munthu amene foni yamusinthira mawu a Chichewa kukhala zina zosamveka, ndipo tonse tikudziwa mmene makibodi a mafoniwa amazunzira chinenero chathu. Kodi anthu 300 alandire uthenga chifukwa wina wakonza chilembo? Ayi. Izi zimatheka kuzithetsa: Stack Overflow imasiya mphindi 5 zoyamba kuti mwini wake akonze zolakwika popanda kuziika m'mbiri, Reddit, malo okambirana nkhani m'magulu pa intaneti, nayo siika chizindikiro mukasintha m'mphindi zitatu zoyamba. Ndipo kompyuta sivutika kusiyanitsa kukonza chilembo ndi kusintha chithunzi, linki kapena nambala ya foni.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yolemera kwambiri. Mayi walemba atakwiya, watchula dzina la mwana wake, sukulu yake, mwina ndi matenda a mwamuna wake. Mtima utatsika, akufuna kuchotsa mbali imeneyo osataya positi yonse. Ngati mbiri ili poyera, zimene wachotsazo zikadali pomwepo, ndipo kachizindikiro koti "zasinthidwa" kakuchita kuitana anthu achidwi kuti adzasuzumire. Wikipedia inapeza njira yapakati. Tsamba lililonse lili ndi mbiri yake yonse, koma oyang'anira akhoza kubisa mawu amene ali ndi zinsinsi za munthu. Nthawi zambiri mzere wake umatsala m'mbirimo, wokhwatchidwa, kusonyeza kuti apa panali chinachake chimene chachotsedwa. Munthu watetezedwa, koma owerenga sananamizidwe kuti palibe chinachitika.

Palinso wina amene timamuiwala pa nkhaniyi: kampani yomwe ndi mwini tsamba. Mu Novembala 2016 Steve Huffman, mkulu wa Reddit, anavomera kuti analowa mkati mwa makina a kampaniyo n'kusintha ndemanga za anthu amene ankamutukwana, kuchotsa dzina lake n'kuikapo mayina a oyang'anira gulu lawo lomwelo. Panalibe chizindikiro chilichonse pa ndemangazo. Anthu anazindikira okha, iye n'kupepesa. Choncho mbiri imene tikunenayi isamangogwira ife olemba, izigwiranso dzanja la kampani.

[Pa sikirini: chala chikudina timadontho titatu pa positi ya Facebook]

Pakadali pano Facebook sikudziwitsani positi yomwe munashera ikasinthidwa, ndiye ntchitoyo ili m'manja mwanu. Musanatumize ndalama pa nambala imene mwaiona pa positi, dinani timadontho titatu tija pakona ya kumanja. Ngati positiyo inasinthidwapo, mupeza mawu akuti "View edit history". Dinani pamenepo muone ngati nambala, chithunzi kapena linki zili mmene zinalili poyamba. Mukaona kuti ndemanga zatsekedwa pa positi yopempha kuti musheretu msanga, dikirani kaye. Pa WhatsApp palibe pomwe mungaone mawu akale, ndiye uthenga wa ndalama ukakhala ndi chizindikiro choti wasinthidwa, muimbireni mwini wake foni akuwerengereni nambalayo pakamwa.