Thobwa Logona

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu lero ali pa Ezara 3:12-13.

Ndikulemba ndili kukhitchini, pambali panga pali ndowa ya thobwa. Ndinaphika Lachitatu chifukwa anthu akubwerabe kudzapepesa, ndipo mlendo sungamulandire ndi madzi okha. Lagona kawiri tsopano. Ndalawa m'mawa uno: ukangopsontha likutsekemera, ukameza kuwawasa kukubwera pambuyo, kochita kukoka m'masaya. Wina atandifunsa kuti, mayi, thobwali ndi lotsekemera kapena lowawasa, ndimuyankha chiyani? Ndingomutungira m'kapu, alawe yekha.

Ndineneretu, poti ena muthamangira minibasi musanafike kumapeto: sabata yanuyi musaisefe musanapite nayo kwa Mulungu. Pitani nayo momwe ilili, ndi zapansi zomwe.

Loweruka tinaika achimwene anga. Asiya kamnyamata ka zaka 8, mayi ake anatsogola kale, ndiye kali kuno kwa ine. Dzulo usiku mwana wanga wamkulu anati tionere filimu pa laputopu kuti m'nyumba musangoti zii. Anaika ya ku Italy yotchedwa La vita è bella, ya mu 1997, ankatimasulira yekha. Anaipanga ndi Roberto Benigni, yemwenso akusewera ngati Guido, Myuda wanthabwala wa mumzinda wa Arezzo. Theka loyamba ndi phwete lokhalokha, mmene akuvutikira kufunsira mphunzitsi wina dzina lake Dora. Kenaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yafika pakhomo. Guido ndi kamwana kake akwezedwa sitima kupita kundende ya chipani cha Nazi, ndipo Dora, amene sanali Myuda, akakamira kukwera nawo. Kumeneko bamboyo auza mwana kuti zonsezi ndi masewera: woyamba kukwanitsa mapointi 1,000 apata kasinja weniweni. Msilikali wa ku Germany akukuwa malamulo a ndende, Guido wadzipereka kukhala womasulira chonsecho chilankhulocho sachidziwa, akungopeka malamulo a masewera, kuti wolira ataya mapointi, wopempha chakudya ataya mapointi.

Pamenepo ana anaseka mpaka kugubuduka pamkeka. Ine mtima unanyamuka. Ndinati, "Mukuseka chiyani? Manda sanaume n'komwe!" M'nyumba munati zii, uja zii amene timamuthawa. Ndiye kamnyamata kaja, osandiyang'ana, kanati, "Azakhali, adadi akanaseka."

Ndinadzuka kukayang'ana moto umene sunkafuna kuyang'anidwa.

Filimu itatha, ana awiri akuluwo anayamba kukangana. Wamkulu akuti iyi ndi comedy, filimu yoseketsa basi, munthu sungaseke chonchija pa filimu yachisoni. Mlongo wake, maso ali psuu, akuti comedy yanji yoti bambo akuwomberedwa kumapeto? Paja Guido pomutenga msilikali kukamupha, adutsa pafupi ndi bokosi lomwe wabisamo mwana, ndipo podziwa kuti mwana akusuzumira, ayenda moseketsa ngati akuguba, kumutsinzinira diso. Kutacha mwana atuluka m'bokosi, kasinja wa asilikali a ku America uyo. Wapambana masewera. Tsono muike mbali iti? Anandifunsa ine kuti ndiweruze. Ndinangoti kagoneni.

Mkanganowu si wa ana anga okha. Mu 1999 filimuyi inalandira mphoto zitatu za Oscar, mphoto zazikulu za mafilimu ku America, ndipo chaka chimenecho mphoto ya nyimbo za m'filimu inali yogawidwa pawiri, ya mafilimu oseketsa payokha, ya mafilimu ankhani zolemera payokha. Nicola Piovani, amene anapeka nyimbo zake, anapambana kumbali ya zolemera. Akuluakulu aja anayenera kusankha ndowa yothiramo. Analipo enanso amene anakwiya, amvekere kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni si nkhani yoti munthu aziseka nayo, ndipo amenewo sindingawatsutse mwachibwana, bala lake ndi lawo. Koma Benigni ananena kuti bambo ake omubereka anakhala zaka ziwiri m'ndende ya ntchito yakalavulagaga nthawi ya nkhondoyo, ndipo pofotokozera ana awo ankazinena moseketsa kuti asawaopse. Munthu anamwera thobwa lotere pakhomo pa makolo ake.

Chomwe chinanditulutsa m'nyumba dzulo si filimu ayi. Mawu amene ndinakalipira anawo sanali anga, ndinachita kubwereka. Usiku wa pasiwa, cha m'ma 2 koloko, nyimbo zitaduka, agogo ena anayamba kusimba mmene achimwene anakaonekera kwa apongozi awo ali mnyamata. Anavala suti yobwereka, galu wa pakhomopo n'kuwathamangitsa, iwo kukwera mumtengo wa mango. Apongozi potuluka, achimwene ali pa nthambi, anavula chipewa n'kuyamba malonje konko, mwaulemu wonse, kufunsa za ana ndi za mvula. Ndinaseka, abale. Ndinaseka bokosi lili apo, mpaka misozi, ndipo misoziyo sindikudziwa kuti inali ya chiyani. Mayi wina wa mvano anandiyang'ana, amvekere, "Pano ndi pamaliro." Mawu atatu amenewo ndayenda nawo sabata yonse ngati mwala m'nsapato. Ndimadzifunsa kuti kodi ndinkawakonda achimwene anga? Mlongo wanji woseka pasiwa? Ndiye dzulo ndinatenga mwala womwewo n'kuuika m'nsapato ya mwana wamasiye.

Nkhani ya Ezara mukuidziwa. Maziko a kachisi aikidwa, ansembe ali ndi malipenga, ana a Asafu akuimba kuti chifundo chake n'chosatha. Achinyamata obadwira ku Babulo akufuula mokondwa. Nkhalamba zimene zinaona nyumba ya Solomo isanatenthedwe, zaka pafupifupi 50 m'mbuyomo, zikulira mokweza. Ndipo Mawu akuti anthu sanathe kusiyanitsa phokoso la chimwemwe ndi phokoso la kulira, ndipo linamveka kutali. Ndawerenga mobwereza m'mawa uno kufuna pamene Zerubabele, mtsogoleri wawo, anaimirira n'kunena kuti olira apite kumanzere, okondwa kumanja. Palibe. Palibenso pamene Mulungu anabweza nsembe ya tsikulo kuti yasakanikirana. Phokoso lonselo linakwera kumwamba m'ndowa imodzi.

Nanga ife tinazitenga kuti zosefazi?

Amayi anzanga, inu mukudziwa mmene thobwa limapangidwira. Kukoma kwake sikuchokera ku shuga, shuga ndi wongothandizira. Kumachokera ku chimera. Ndipo chimera n'chiyani? Ndi mawere amene tinawanyika m'madzi, tinawafunditsa, anayamba kumera ndithu, timizu tatuluka, akuganiza kuti apita kumunda. Ndiye tinawadula ulendo. Kuwayanika padzuwa, kuwasinja. Mbewu imene inayamba moyo n'kulekezera panjira ndi imene imasungunula phala lolimba lija n'kulitsekemeretsa. Achimwene anga amwalira asanaone mwana wawo akulemba mayeso a Sitandade 8. Ndi chimera chimenecho. Ndipo nkhani ya mumtengo wa mango sinayambe yakomapo ngati mmene inakomera usiku uja, chifukwa chakuti mwini wake anali atagona apo. Mukachotsa chimera mwatsala ndi phala la mgaiwa, lozizira.

N'chimodzimodzi filimu ija. Mukanati mundikakamize kuweruza, ndikanati mwana wanga wamkazi ali pafupi ndi zoona, koma akuiwala chinthu chimodzi: sakanalira chonchija akanapanda kuseka poyamba. Tinamukonda Guido chifukwa anatiseketsa ola lathunthu. Kuguba kwake komaliza kukuwawa chifukwa n'koseketsa. Wamkulunso sakunama, anasekadi. Onse awiri anamwa kapu imodzi, wina akusimba za pakamwa, wina za pakhosi.

Pali chinanso chimene ophika amadziwa. Chimera sathira m'phala lowira. Ukathira likadali moto, chimafa, thobwa silitsekemera. Umadikira lizizire pang'ono, loti chala n'kupirira. Apa ndiye ndidzudzule mbali inayo, inu amene mumafika pakhomo pa namfedwa ndi nthabwala m'manja musanakhale n'komwe pansi. Inunso amene mumati, "Musalire, ali pabwino," munthu asanatulutse msozi woyamba. Mawu ake ndi oona, nthawi yake ndiye yolakwika, mukuthira chimera pamoto. Yesu anadziwa kuti aukitsa Lazaro, komabe anayamba walira nawo. Khalani kaye pamphasa. Kuseka kukafuna kubwera kubwera kokha, ngati kunabwerera kwa agogo aja 2 koloko ya usiku, ndipo kukabwera musakuthamangitse.

Mpingo wathu uli ndi apolisi a mitundu iwiri, ndipo ndikunena mwachikondi poti ine ndagwirako ntchito zonse ziwiri sabata imodzi. Alipo oletsa kuseka: wamasiye akangomwetulira pamsika, ayamba kunong'ona kuti waiwala msanga, mwina akudziwapo kanthu. Alipo oletsa kulira: munthu akagwetsa misozi nthawi ya mayamiko, amuuza kuti alibe chikhulupiriro, Mkhristu sadandaula. Mayi akulira paukwati wa mwana wake chifukwa mpando wa bambo uli wopanda munthu, inu mukumukoka kuti akavine pelekanipelekani. Musiyeni. Avina akatha, mwinanso avina akulira. Thobwa lomwe timamwa paukwati ndi lomwelo timamwa pamaliro, mphika wake umodzi, ophika ake omwewo. Paulo anati kondwani nawo okondwa, lirani nawo olira, ndipo masiku ena wokondwayo ndi wolirayo ndi munthu mmodzi, wakhala nanu benchi imodzi.

Musasefe, abale. Ena mwadzuka lero mwalandira malipiro koma onse athera ngongole. Ena mwana wabadwa mwezi womwe mwachotsedwa ntchito. Ena muli ku Johannesburg, mwatumiza ndalama ya bokosi, maliro mwaonera pa foni, madzulo ake mnzanu wakuseketsani ndipo mukudziimba mlandu. Mukufuna muyambe mwadziwa ngati sabatayi ndi ya umboni kapena ya pempho musanagwade. Gwadani choncho. Sara anaseka pakhomo la hema chifukwa cha kuwawa kwa zaka zambiri, atafunsidwa n'kukana, koma mwana atabadwa dzina lake linali Isake, kuseka. Mulungu sanataye kuseka kowawasa kuja. Anakusunga mpaka kunakhala dzina la mwana.

Pena pake ndisiyane naye Guido. Iye anabisa zoona kuti apulumutse mwana, ndipo m'malo ngati amene aja sindingamuweruze. Koma ine ndaona kuti sabata yonseyi ndakhala ndikusewera masewera akewo popanda ndende. Pamaso pa kamnyamata nkhope youma, ntchito, malamulo, sambani, idyani, gonani. Kulira ndimakalirira kubafa, madzi akutuluka pampopi kuti asamve. Kuseka ndiye ndinadziletsa. Mwanayo wakhala ndi azakhali osalira, osaseka, ndipo ndimadabwa kuti bwanji sakuyankhula. Ndamupatsa phala lopanda chimera masiku asanu ndi limodzi.

Ndipo thobwa likagonetsa mukudziwa chomwe limasanduka. Chisoni chotsekeredwa m'ndowa, chovundikiridwa, chosatungiridwa anthu, chimasasa mpaka kuledzeretsa mwini wake. Ukali wanga wa dzulo unali umenewo.

Tipemphere. Atate, landirani phokoso lathu monga munalandirira la pa maziko aja. Ife sitikutha kulisiyanitsa, Inu mukulimva lonse. Tikhululukireni pamene tatseka pakamwa pa olira ndi pa oseka. Kumbukirani ana amasiye, kumbukiraninso ife owalera amene sitikudziwa poyambira. M'dzina la Yesu, Amen.

Ndikumva chitseko cha kuchipinda, kamnyamata kadzuka. Ndatunga makapu awiri. Nkhani ya galu ndi mtengo wa mango sikanaimvepo, kanali katagona usiku uja, ndiye ndikauza tisanapite kusukulu. Sindikudziwa ngati ndifika nayo kumapeto.