Sindidzalamulidwa ndi chinthu chilichonse

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa 1 Akorinto 6:12.

Akhristu ena a ku Korinto anali ndi mawu amene ankawakonda, oti zonse n'zololedwa kwa ine. Paulo sanakangane nawo. Anawabwereza kawiri, ndipo kachiwiriko anawonjezera kuti koma ine sindidzalamulidwa ndi chinthu chilichonse. Iwo ankayeza ufulu poona ngati pali wina wowaletsa. Paulo ankauyeza poona ngati munthu angathe kusiya chimene chamugwira.

Taganizirani munthu amene dzulo usiku anagona atatsimikiza mtima kuti mawa ndidzuka m'mamawa, ndipemphera, kenako ndikayenda pang'ono ndisanasambe. Alamu yalira. Dzanja lafika pa foni kuti aizimitse, ndipo mutu usanaganize kanthu chala chayamba kale kukankha zithunzi ndi mauthenga. Podzadzidzimuka kunja kwayera, mphindi 40 zapita, akuthamangira kubafa pemphero lili la mawu awiri. Palibe amene wamutsekera chitseko. Koma chimene iye anasankha sichinachitike, ndipo chimene chachitika sanachisankhe. Miyambo 25:28 imati munthu wosaugwira mtima wake ali ngati mzinda wogumuka wopanda linga. Mumzinda wotere aliyense amangolowa, kaya ndi tulo, mkwiyo, dyera kapena uthenga wa munthu amene simunamuonepo n'komwe.

Patsogolo pang'ono, pa 1 Akorinto 9:24-27, Paulo anatenga chitsanzo chimene anthu a ku Korinto ankachidziwa bwino. Pafupi ndi mzinda wawo, pamalo otchedwa Isthmia, pankachitika masewera aakulu zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba imene inkafota posachedwa. Paulo akuti aliyense wopikisana amadziletsa m'zonse kuti alandire nkhata yofotayo. Ndiye ife amene tikuthamangira nkhata yosafota, tingamathamange mwachisawawa?

Othamanga a masiku ano amanena zomwezo. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, pa 12 Okutobala 2019 mumzinda wa Vienna, anathamanga mtunda wa makilomita 42 pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Palibe munthu amene anali atachitapo zimenezi pasanakwane maola awiri. Bambo ameneyu, ndi kutchuka konse ndi ndalama zonse, ankakhalabe kumsasa wa othamanga ku Kaptagat mkati mwa sabata, kudzuka kusanache ndi kugwira nawo ntchito zapamsasa ngati wina aliyense. Wakhala akunena kuti mfulu weniweni ndi munthu wodziletsa, chifukwa wosadziletsa ndi kapolo wa mmene wadzukira tsiku limenelo. Sankalalikira uthenga wabwino ayi, koma pamenepa iye ndi Paulo sakusiyana.

Ena mwa ife timathawira pa 1 Timoteo 4:8, pamene akuti kulimbitsa thupi kupindula pang'ono. Timawerenga ngati alemba kuti sikupindula konse. Sanatero. Ndipo chaputala chathu chija cha 1 Akorinto 6, pa vesi 19, chikuti thupi lanu ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Ine ndimaona kuti mkhristu amene amasala kudya masiku atatu koma sangakwere masitepe popanda kupuma mwabefu, pali mbali ina ya udindo wake imene waitaya. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, komanso azichita zolimbitsa minofu masiku awiri. Mukagawa, ndi mphindi 30 masiku asanu. Sizifuna jimu kapena zovala zapadera. Kuyenda mwandawala n'kokwanira, liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Phindu lake ndi lodziwika: chiopsezo cha matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi ndi shuga chimachepa, tulo timabwera bwino, nkhawa imapepuka. Ndipo pali ufulu wina umene achinyamata sauganizira, woti udzafike zaka 70 ukudzuka wekha pampando osagwira pakhoma, ukugwada popemphera n'kuimirira popanda wokukoka dzanja.

Koma chimene chimatigwetsa ambiri si kusadziwa. Timadikira kuti mtima ufune kaye, ndipo mtima sufuna tsiku lililonse. Apa ndi pamene chizolowezi chimagwira ntchito. Chinthu ukachichita nthawi yomweyo, pamalo omwewo, mobwerezabwereza, chimafika poti sichifunanso kukambirana. Ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anatsata anthu amene ankayamba chizolowezi chatsopano, ndipo anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chinthucho chizichitika chokha. Ena zinawatengera masiku 18, ena zinkaoneka kuti zingafike masiku 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zonse zimene wamanga. Choncho inu amene munayamba bwino mu Januwale n'kusiya sabata yachitatu, musadzitche wolephera. Munasiya ntchito isanafike n'pakati pomwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Onani Danieli. Pa chaputala 6, mfumu Dariyo yasaina lamulo loti kwa masiku 30 aliyense wopempha kanthu kwa mulungu kapena munthu wina, kupatula mfumu, aponyedwe m'dzenje la mikango. Danieli pa nthawiyi ndi nkhalamba, wakhala kudziko lachilendo kuyambira unyamata wake. Atamva kuti lamulo lasainidwa, analowa m'nyumba mwake, m'chipinda chapamwamba chimene mazenera ake anali otsegula kuloza ku Yerusalemu, nagwada katatu pa tsiku. Vesi 10 ikumaliza ndi mawu aafupi amene timawadumpha kawirikawiri: monga ankachitira kale. Sanayambe kupemphera chifukwa mavuto afika. Sanakhale pansi kuyeza ngati kuli bwino kutseka zenera kwa mwezi umodzi wokha. Maondo ake ankaidziwa kale njira. Mu ufumu wonsewo, nduna zinali zomangidwa ndi nsanje, mfumu inali yomangidwa ndi lamulo lake lomwe mpaka inalephera kugona ndi kudya, ndipo munthu yekhayo amene ankachita chimene anasankha anali mkulu uja wogwada pazenera. Ambuye Yesu nawonso, Luka 4:16 akuti analowa m'sunagoge tsiku la Sabata monga anazolowera, ndipo Maliko 1:35 akutiwonetsa atadzuka kukadali mdima kupita kwayekha kukapemphera.

Chenjezo limodzi, chifukwa mdani ndi wochenjera. Mawu a Paulo aja akuti chinthu chilichonse, ndipo zabwino zomwe zili momwemo. Alipo anthu amene akaphonya kuthamanga tsiku limodzi nyumba yonse imadziwa, ana amayenda monyang'ama. Alipo amene maso amangokhala pa wotchi yowerenga mapazi, ndipo akaona mnzawo wonenepa amamuweruza mumtima. Ameneyo wangosintha bwana. Pa Agalatiya 5:22-23 kudziletsa kwalembedwa ngati chipatso cha Mzimu, pamodzi ndi chikondi, kuleza mtima ndi chifatso. Sikutigulira chipulumutso, ndipo kukabwera kokha popanda zinzake zija, tifunse bwino kumene kwachokera.

Lero musalembe mndandanda wa zinthu khumi. Sankhani chimodzi, muchipatse nthawi yake ndi malo ake. Ngati ndi kuyenda, ikani nsapato pakhomo usiku uno. Ngati ndi pemphero, foni igone kutali ndi bedi.

Tipemphere. Atate, zikomo potidzutsa. Mukudziwa chimene chimatilamula aliyense wa ife, ngakhale chimene sitinauzepo munthu. Tipatseni mphamvu yochikana lero lokha, za mawa tidzapemphanso mawa. Kumbukirani abale athu amene ali pamphasa ndi m'zipatala, amene akanakonda kuyenda koma miyendo ikukana. Agwireni dzanja. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.