Loweruka apolisi anatipeza tili m'kalasi

Moni nonse, a kuno ku China, a ku Johannesburg, a ku Leeds, ndi inu a kumudzi amene mumatimvera bandulo ikalola. Mawu angawa asasa, musadabwe, tulo sitikubwera bwino masiku ano. Lero ndimafuna tikambe za mitengo ya matikiti kwa amene mukufuna kukadyera Khirisimasi kumudzi, koma zimenezo ziyambe zadikira. Loweruka lapitali apolisi anatipeza kusukulu.

Dzina la sukulu sinditchula, mzindanso ayi. A ku Zhejiang kuno mwamva kale pa gulu lathu la WeChat, ndipo ena mwaithira mchere nkhaniyi mpaka yafika poti ine ndinathawira pawindo. Achimwene amene munayambitsa zimenezo, sukulu yathu ili pa nsanjika ya nambala 9. Ndikanadumpha, bwenzi lero mukusonkha za bokosi.

Zinali chonchi. Cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndili ndi tiana ta zaka 6, tikubwereza mayina a zipatso, ine ndakweza khadi la nthochi m'mwamba. Akulowa mtsikana amene amandithandiza m'kalasi, nkhope ili gwaa, osalankhula. Wayamba kutolera mabuku, kuponya m'bokosi la zidole, kufufuta bolodi ndi mkono wa juzi. Kenako watulutsa zigoba za nkhope za nyama zimene timasunga kuseri kwa chitseko, mwana aliyense wamuveka chake, ine wandiponyera cha mkango. Amene munaonapo mavenda a mu Limbe akamva kuti a khonsolo akubwera, mmene chiguduli cha tomato chimasandukira mtolo wapamutu, liwiro lake ndi lomwelo.

Inu a kumudzi mukudabwa kuti zigobazo n'zachiyani. Mu July 2021 boma la kuno linaletsa sukulu zapadera kupanga phindu pophunzitsa ana maphunziro a m'kalasi, Chingerezi chili momwemo, ndipo Loweruka, Lamlungu ndi pa holide ndiye linaletseratu. Linkati ana akulemedwa, makolo akutha ndalama. Makampani akuluakulu anatseka nthambi, aphunzitsi anabalalika. Koma makolo sanasiye kufuna kuti mwana wawo azilankhula Chingerezi. Ndiye sukulu zambiri zinangosintha chikwangwani. Ena akuti ndi nyumba yowerengera nthano, ena ndi kalabu ya masewera, ife papepala ndife sukulu ya zisudzo. Ine amene mukundimvayu, malinga ndi pemiti yanga, ndine mphunzitsi wa zisudzo. Amayi anga akanamva akanaseka, chifukwa ngakhale sewero la Khirisimasi kutchalitchi ankandipatsa kukhala nkhosa.

Analowa atatu, mmodzi mzimayi, Chingerezi chake choposa cha madamu athu, eni sukuluyi, kutalitali. Panalibe kukuwa, panalibe kukankha, tinene zoona. “Pasipoti, chonde.” Ndavula mkango uja, ndapereka. Akuyang'ana foni, akuyang'ana ine, akuyang'ana adiresi yolembedwa pachitseko. Kenako mayi uja wagwada pansi, akumwetulira, akufunsa kamnyamata kovala chigoba cha kalulu kuti kuno mumaphunzira chiyani. Abale, mwana ndi mwana. Kanayankha zonse, monyadira: Chingerezi, Loweruka ndi Lamlungu, ndipo amatipatsa ntchito yokachita kunyumba. Kenako kathamangira ku bokosi la zidole lija, katulutsa buku lake kuti awone nyenyezi zimene ndinakapatsa. Kaphunzira wanga wanzeru kuposa onse kameneko. Ndinakaphunzitsa ndekha kuyankha ziganizo zathunthu.

Koma chimene chinandipweteka mutu pa nthawiyo si bukulo. Mayi wapolisi uja anawerenga pasipoti mokweza: “Malawi.” Ndiye mukudziwa makolo amakhala pakhonde, akutionera pagalasi. Agogo ena amene amabweretsa mdzukulu wawo anafunsa mtsikana wondithandiza uja kuti Malawi ili mbali iti ya America.

Eya, ndiulule poti ambiri a inu munadutsamo. Tsiku limene ndinayamba ntchito, madamu anandipatsa dzina lachizungu, n'kundiuza kuti makolo akafunsa, kwanu ndi ku Chicago. Ine wa kwa Ntaja, ku Machinga! Ku Chicago ndakuona pa TV pokha. Bambo wina anandifunsapo ngati kwathu kumazizira, ndinati kwambiri, ndikuganiza za June ku Dedza. Pemiti imanena zoona, pasipoti imanena zoona, koma chithunzi changa pakhoma la polandirira alendo chili ndi kambendera ka America pansi pake. Ndipo muzimva bwino: Chingerezi changa sindinachitole pamsewu. Ndinadutsa ku Chanco, ndaphunzitsa Fomu 4 ku CDSS, ana 90 m'kalasi imodzi, buku limodzi ana asanu, ena mwa iwo lero ndi manesi ndi maloya. Kuno ndimagwira ntchito ndi mzungu wa kum'mawa kwa Ulaya, munthu wabwinobwino, sindidana naye, timadya limodzi. Koma akafuna kulemba lipoti la mwana amabwera kwa ine kuti ndimukonzere galamala. Malipiro ake ndi anga mukawaika pamodzi mungalire. Iyenso anamupatsa mudzi, ndi wa ku Canada. Kusiyana kwake n'koti iye palibe kholo limene linamufunsapo kawiri.

Mchemwali wathu wina wa ku South Africa, dziko limene lili pamndandanda wawo wa eni Chingerezi, mapepala onse ali bwino, anatumiza kavidiyo kodzidziwitsa kwa ejenti. Yankho linabwera loti makolo akufuna a ku South Africa enawo. Mwamva? Enawo. Ndipo ife amene tinali kuno mu April 2020, pamene anzathu ku Guangzhou ankatulutsidwa m'nyumba ndi m'mahotela n'kumagona pamsewu chifukwa cha mantha a korona, zoterezi sizitidabwitsanso. Zimangotopetsa.

Ndasochera, tibwerere. Ine anandifunsa mafunso m'kaofesi ka madamu mpaka masana, ine ndikubwereza nyimbo imodzi: timachita zisudzo, m'Chingerezi. Dzina la kampani pa pemiti ndi lomweli, adiresi ndi yomweyi. Anandijambula, ndinasayina, anandibwezera pasipoti. Za bukulo anati akambirana ndi eni sukulu.

M'chipinda chinacho munali mng'ono wathu wa ku Ghana. Mwana wasukulu, chaka chomaliza cha digiri yachiwiri, amabwera Loweruka lokha kudzagwira maola ochepa. Viza yake ndi ya sukulu. Iyeyo apolisi anatuluka naye. Ndinamuona akudutsa pakhonde, chikwama kumsana, m'manja akadali ndi cholembera cha pabolodi, anaiwala kuchisiya. Anandiyang'ana, ine ndinalibe choti ndimuuze.

Ndipo madamu? Madamu anali atalowa kale m'chikepe apolisi asanamalize kupereka moni. Foni yozima tsiku lonse.

Tsopano ang'onoang'ono amene muli m'mayunivesite, khalani pansi, ndikulankhula ngati mkulu wanu. Lamulo la kuno loona za olowa ndi otuluka, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, silibisa mawu. Mlendo wogwira ntchito popanda chilolezo alipira kuyambira 5,000 mpaka 20,000 yuan, ndipo akaona kuti mlandu wakula, amutsekera masiku 5 mpaka 15. Akakubweza kwanu, sulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Wolemba ntchitoyo? 10,000 yuan pa munthu aliyense, osapitirira 100,000. Werengani nokha. Madamu ndalama imeneyo aibweza ndi fizi ya ana ochepa chabe. Mng'ono wathu uja chimene chili pachiswe ndi digiri, sikolashipu, zaka zonse zimene wazizidwa kuno, ndi nkhope ya bambo ake pa eyapoti. Madamu akakuuzani kuti musadandaule, ndimadziwana ndi akuluakulu, afunseni kuti tsiku limenelo adzakhala ali m'chikepe kapena pambali panu.

Ndipo si ana asukulu okha. Iwe amene uli ndi pemiti, madamu akakuuza kuti mawa ukathandize kunthambi yathu ya mzinda winawo, mphunzitsi wadwala, dziwa kuti kumeneko ndiwe wopanda pepala ngati wina aliyense. Kaganyu kamadzulo kunyumba kwa kholo, chimodzimodzi. Ndikudziwa mukuti aliyense amachita. Inde amachita, mpaka tsiku limene kalulu wa zaka 6 adzatsegule bokosi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikuweruza munthu, ayi. Ndinakhalapo mwana wasukulu kuno, ndikudziwa kuti 3,000 yuan ya sikolashipu ya boma imakwana munthu mmodzi wodya mukantini. Siikwana munthu amene foni yake imalira kuchokera kumudzi. Apa ndiye a kumudzi, tcherani khutu inunso. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mauthenga anu achuluka, ndipo tikumvetsa, feteleza wakwera, fizi yakwera, shuga wakwera. Koma mwana amene munamuperekeza ku KIA kuti akaphunzire si banki. Mukamuuza kuti anzako akumanga iwe ukutani, mukumukankhira m'kalasi ya Loweruka ija. Chithunzi chimene anajambulitsa pa sitima yothamanga ija chisakupusitseni, tikiti yake anadya ma noodles sabata yonse.

Usiku wa Loweruka ndinaphika nsima. Ufa wa pa Taobao uja, msika wa pa intaneti wa kuno, wosagwirana bwino, koma ndi nsima basi. Ndinatsegula kapaketi komaliza ka usipa kamene anandisiyira amayi ena a geni atabwera kudzagula katundu ku Yiwu, ndinakazinga windo lotseka kuopa aneba, amene fungo la usipa amaliyesa ngozi pomwe iwo amadya tofu wonunkha pamsewu. Ndinaimbira amayi. Za apolisi sindinatchule. Tinakamba za denga la khitchini limene likudontha, ndi mbuzi ya amalume imene inalowa m'dimba la eni ake.

Lolemba madamu atulukira, pa WeChat. Uthenga wautali, timaluwa ndi timitima. Akuti banja lathu la sukulu ladutsa m'mayesero, choncho malipiro achedwa, ndipo chindapusa chimene sukulu yapatsidwa tigawana tonse aphunzitsi, poti tonse timadya pano. Banja! Banja lake lomweli limene limatilipira pa 15 mwezi wotsatira, kuti nthawi zonse azikhala atagwira theka la mwezi wako ngati chikole. Lomweli limene limadula ukachedwa mphindi zitatu, limadula kholo likadandaula kuti mwana sanamwetulire, koma kalasi yachionetsero yokopa makolo atsopano ndi yaulere, kuima pa mall Lamlungu kugawa timapepala utavala kolala ndi kwaulere. Bonasi yomaliza kontirakiti ndinaiona papepala pokha. Ukati ndikusiya, akukumbutsa kuti kalata yokumasula ili m'manja mwawo, ndipo popanda kalatayo sukulu ina singakusamutsire pemiti. Chingwe chake n'chimenecho.

Koma madamu anaiwala chinthu chimodzi. Ine pepala ndili nalo. Ndinawayankha mwaulemu, Chitchaina changa chothyokathyoka chomwechi, kuti ndaimba 12333, nambala ya za ntchito, ndipo kontirakiti yanga ilibe mzere wonena kuti chindapusa cha kampani chimalipidwa ndi wantchito. Ndinati malipiro akapanda kulowa, tikakumana ku komiti yoweruza milandu ya ntchito, kumene kudandaula salipiritsa. Abale, timaluwa tinatha pomwepo. Patapita kanthawi akulemba kuti mwina sitinamvetsetsane, tikambirane ngati anthu. Mzungu wa ku Canada uja, amene pemiti yake ili ndi nkhani zake, anangoti zii, wavomera kudulidwa. Mng'ono wa ku Ghana ali ndi malipiro a mwezi wathunthu kwa madamu, ndipo sadzawaona, chifukwa angakadandaule kuti? Akanene kuti ndinkagwira ntchito yoletsedwa ndiye sanandilipire? Madamu amadziwa zimenezi tsiku lomwe amakulemba. N'chifukwa chake amakonda ana asukulu. Si kuti amakukondani, ang'ono anga, amakonda kuti mulibe pakamwa.

Ena mundifunsa kuti nanga bwanji osangobwerera kumudzi. Ndidzabwerera, nyumba ya ku Liwonde ikafika pa lintala. Ndipo tianato ndimatikonda, ndisaname. Kamtsikana kena kanabwera kosatha kunena ngakhale moni, kakulira kakandiona, kakufuna kupukuta khungu langa ndi tishu kuti kaone ngati lichoke. Lero kamandifotokozera nthano yonse ya kamba ndi kalulu, ndipo katchulidwe kake mukakamvetsera bwino muli ka Machinga pang'ono. Makolo ake akuti ndi ka Chicago.

Za mng'ono wathu: anzake a ku Ghana akusonkha ya chindapusa, ife a Malawi ndi a Zambia tisachite manyazi, kachikwama kofiira kosonkhera ndalama katsegulidwa pagulu la WeChat, ponyani imene muli nayo. Pakufunikanso anthu awiri okathandiza kulongedza katundu wake kuhositelo ngati zinthu zingafike poipa, makamaka laputopu, muli kafukufuku wake yense. Amene munadutsapo ku komiti ya milandu ya ntchito ija, ndilembereni kumbali, ndikufuna kudziwa ngati womasulira umapita naye wekha.

Ndipo m'mawa uno mnzanga wanditumizira chilengezo chimene chikuzungulira m'magulu a ofuna ntchito. Sukulu ya zisudzo, nsanjika ya nambala 9, ikufuna mphunzitsi wa Loweruka, malipiro pamanja, ana asukulu ndi olandiridwa. Chithunzi chimene aikapo ndi changa, ndi kambendera komwe. Mukachiona musayankhe. Za matikiti tikamba sabata yamawa.