Mawu a M'mawa: Amene Amayenda Kumapeto kwa Mzere

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno achokera pa Deuteronomo 25:17-18 ndi pa Yesaya 52:12, ndipo kuti tiwamvetse bwino tiyeni titsatire gulu la anthu amene akuyenda ulendo wa tsiku limodzi m'chipululu cha Yudeya, m'chigwa chotchedwa Wadi Qelt.

Chigwa chimenechi chimayambira m'mapiri a kum'mawa kwa Yerusalemu n'kukathera ku Yeriko. Yerusalemu ali pamwamba, mamita pafupifupi 750 kuchokera pomwe pamalekeza madzi a nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi, pamene Yeriko ali mamita pafupifupi 250 kunsi kwa mlingo umenewo, choncho pa mtunda wosakwana makilomita 30 nthaka imatsetsereka kilomita yathunthu. Ndi dera lomweli limene munthu wa pa Luka 10 uja anagwa m'manja mwa achifwamba. Masiku ano magulu a alendo amayendamo wapansi, ndipo anzeru amalawirira mbandakucha atanyamula madzi okwanira, chifukwa nyengo yotentha ku Yeriko kutentha kumapitirira madigiri 40.

Ola loyamba aliyense amakhala wosangalala. Kanjira kamalambalala m'mbali mwa phompho, malo ena n'kumatsata ngalande yotengera kumunsi madzi a akasupe a m'chigwamo, monga Ein Prat ndi Ein Qelt. Madzi a akasupe amenewa ndi amene ankapita ku nyumba zachifumu zimene Herode ankakhalamo nyengo yozizira ku Yeriko. Mbira zimaothera dzuwa pamatanthwe. Chakutsogolo kuli nyumba ya amonke ya St George, yomatirira kukhoma la thanthwe, imene inayambika chakumapeto kwa zaka za m'ma 400, inawonongedwa ndi Aperisi mu 614, ndipo inamangidwanso pakati pa 1878 ndi 1901.

Zoona zake za gulu zimaoneka dzuwa likafika paliwombo. Mzere uja umatalika. Achinyamata amiyendo yopepuka amakhala atapita kale, akujambulana zithunzi pamwamba pa miyala, pamene kumbuyo kwatsala mayi amene bondo layamba kuwawawa potsetsereka, ndi mnyamata amene wavala nsapato zatsopano ndipo chidendene chatuluka matuza. Kenaka pamachitika chinthu chimene ochichitawo sachiona ngati nkhanza. Otsogola amapeza kamthunzi, amakhala pansi, amamwa madzi n'kudya kamba wawo podikira anzawo; koma wotsiriza uja akangotulukira pakhonde la thanthwe, ali wefuwefu, iwo amadzuka n'kunena kuti, "Tonse takwana, tiyeni." Wamphamvu wapuma mokwanira, koma wofooka sanakhale pansi ngakhale pang'ono, ndipo chifukwa cha manyazi sanena kanthu. Amangomwetulira n'kupitiriza. M'chipululu kukhala chete kotereku n'koopsa, pakuti munthu amene thupi lake latha madzi amayamba kumva mutu ndi chizungulire, amapunthwa pa timiyala tating'ono, ndipo akafika posokonezeka maganizo sangathenso kudzipempherera thandizo.

N'chifukwa chake otsogolera maulendo odziwa ntchito yawo amasankha munthu mmodzi wamphamvu kuti ayende kumapeto kwa mzere, n'kumulamula kuti asapitirire munthu aliyense. Iyeyo amafika mochedwa paliponse, sapezeka pa zithunzi zambiri, ndipo nthawi zina amatsiriza ulendo atasenza zikwama ziwiri. Kunena zoona, ntchito imeneyi saikonda anthu ambiri, ngakhale kuti pa ulendo wonse palibe ina yoposa iyo.

Pa Deuteronomo 25 paja, Mose anauza Aisraele kuti asadzaiwale zimene Amaleki anawachita atatuluka mu Igupto. Amaleki sanalimbane ndi otsogola. Anakantha amene anatsalira m'mbuyo, pa nthawi imene anthu anali otopa ndi olema. Vesili limatsutsa Amaleki, koma limandisiya ndi funso limene ndikufuna kuti tonse tilisinkhesinkhe: pamene ofookawo ankakanthidwa, amphamvu anali kuti? Atanyamuka pa Sinai, dongosolo la ulendo linali lomveka bwino. Numeri 10:25 akunena kuti chigono cha Dani ndicho chinkayenda pambuyo pa zigono zonse, ndipo tikawerenga Numeri 2 tipeza kuti chigono chimenechi chinali ndi amuna 157,600, chachiwiri kukula pambuyo pa cha Yuda chimene chinali ndi 186,400. Kumbuyo sikunasiyidwe m'manja mwa otsalira okhaokha. Kunaikidwa gulu lankhondo lamphamvu.

Yakobo naye anaidziwa nzeru imeneyi. Esau atamuuza kuti ayendere limodzi, iye anakana mwaulemu pa Genesis 33:13-14, ponena kuti ana ndi anthete, ziweto zikuyamwitsa, ndipo zikathamangitsidwa tsiku limodzi lokha zonse zifa. Iye ayenda pang'onopang'ono molingana ndi mayendedwe a ziweto ndi a ana. Koma mawu otonthoza kwambiri ali pa Yesaya 52:12, pomwe otuluka mu ukapolo akulonjezedwa kuti sadzachoka mothamanga kapena mothawa, chifukwa Yehova adzawatsogolera, ndipo Mulungu wa Israele adzawatchinjiriza kumbuyo. Timakonda kuimba za Mulungu wotitsogolera, ndipo n'zoona ndithu, koma Iye amene ali patsogoloyo watenganso malo aja amene anthu amawakana.

Ngati m'mawa uno mwadzuka mukudziona kuti ndinu wotsalira, anzanu a msinkhu wanu anapeza ntchito, anamanga nyumba, anakwatira kapena kukwatiwa, inu mukukokabe mwendo ndi matenda kapena ngongole, dziwani kuti kumbuyo kwanu kuli Yehova, ndipo Iye sakupitirirani. Musachite manyazi kuuza abale kuti mwatopa. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha.

Ngati muli pakati pa amiyendo yopepuka, tacheukani. M'mipingo mwathu timawerenga amene abwera, koma kawirikawiri sitiwerenga amene asiya kubwera. Pali mayi wamasiye amene tinamuzungulira sabata ya maliro, ndipo kuchokera pomwe tinasesa palibe amene wapondako pakhomo pake. Pali wachinyamata amene mayeso sanamuyendere bwino ndipo anasiya kwaya mwakachetechete. Pali gogo amene sangathenso kuyenda mpaka kutchalitchi, ndipo wa ku mphakati anamuyendera komaliza dzinja latha. Kuwatumizira uthenga wa pa WhatsApp woti "tikukupemphererani" n'kwabwino, koma nthawi zambiri kumafanana ndi kudzuka wotsalira uja akangofika. Chofunika ndi kukhala naye pansi mpaka mpweya wake utabwerera, ngakhale zitatanthauza kuti zochita zathu za lero zichedwa.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani potidzutsa ndi moyo. Mutikumbutse lero dzina la m'bale kapena mlongo amene tamusiya m'mbuyo, ndipo mutipatse mtima wopita kukamuona dzuwa lisanalowe. Odwala, olira ndi olema muwatchinjirize kwa woipayo. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.